Zithunzi zakale: ndani anawaveka anthuwa tsiku limene ankajambulidwa?

Nambewe
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Kusukulu kwa mdzukulu wanga anawauza kuti aliyense abweretse chithunzi chakale chosonyeza mmene makolo ankavalira, choti akapachike pakhoma pa tsiku lokumbukira ufulu wa dziko. Ine ndinatsegula sutikesi n'kutulutsa chithunzi cha agogo anga aakazi, chokhacho chimene tili nacho. Aima pambali pa mpando, avala diresi ya manja aatali, duku kumutu, nsapato zakuda, ndipo dzanja lamanzere lagwira kachikwama. Mwanayo anachiyang'ana n'kunena kuti, "Agogo, ichi si chachikhalidwe, avala chizungu." Anapita pa intaneti n'kupezako china, cha mayi wopanda nsapato, mikanda ili thoo m'khosi, dzina lake osalembedwa. Chimenecho ndiye akufuna kukapereka.

Mwana sindikumudzudzula, wachita zimene akuganiza kuti aphunzitsi akufuna. Koma mtima wandiwawa. Agogo anga ndimawadziwa dzina, ndinagonapo pamiyendo pawo. Mayi winayo palibe akumudziwa. Nanga pa awiriwa, chithunzi chimene chikunena zoona za makolo athu ndi chiti?

Bambo Phiri
Mayi Nambewe, mwafunsa funso limene ambiri safunsa akamagawana zithunzi pa Facebook. Ine ndikaona chithunzi chakale chilichonse ndimayamba ndi izi: anagwira kamera ndani, ndipo ankafuna kuchigulitsa kapena kuchionetsa kwa ndani?

Ndikupatseni chitsanzo cha kutali kuti tisayambe kukangana za kwathu. Ku America kunali wojambula dzina lake Edward Curtis, amene anatha zaka zambiri akujambula eni nthaka a kumeneko. Ntchito yake inatuluka m'mabuku 20, kuyambira 1907 mpaka 1930, ndipo ndalama zoyambira anam'patsa ndi mponda matiki uja J. P. Morgan. Pali chithunzi chake china cha mu 1910 cha amuna awiri a mtundu wa Piegan, bambo ndi mwana wake, atakhala m'hema mwawo. Pa chithunzi choyambirira, pakati pawo pali wotchi. Pa chimene chinasindikizidwa m'buku, wotchi ija mulibe. Anaifufuta, chifukwa inkasokoneza nkhani imene iye ankafuna kufotokoza, yoti awa ndi anthu akalekale amene akutha. Koma wotchiyo inali m'nyumba mwa eni ake, pamalo pamene maso a mlendo aliyense akanafikira. Ndiye muone: chithunzi chofufutidwacho ndi chimene chimaoneka "chachikhalidwe" kwambiri, pamene cha wotchi ndi chimene chikusonyeza mmene anthuwo ankakhaliradi.

Tadala
Bambo Phiri, ndakumvani, komabe ndikuona ngati tikuwatayira kutali kwambiri ojambula akunjawo. Pali zinthu zina zimene sitikanaziona n'komwe pakanapanda iwo: kalukidwe ka tsitsi, mphini, kasanjidwe ka mikanda, nsalu za makungwa a mitengo. Anthu amene ankapita okha kusitudiyo anali a m'tauni kapena a pafupi ndi mishoni, okhala ndi kandalama. Wa kumudzi kwenikweni ankajambulidwa ndi mlendo basi, apo ayi sanajambulidwepo moyo wake wonse. Tikataya zithunzi za alendozo, ndiye kuti tamutaya iyeyo kachiwiri.

Bambo Phiri
Ayi mwanawe, sindikunena kuti tizitaye. Ngakhale zidzukulu za anthu amene Curtis anawajambula zimazifuna zithunzizo, chifukwa nkhope ndi za makolo awo ndithu. Ndikunena kuti tiziziwerenga monga mmene timamvera mboni m'khoti: wanena zoona, inde, koma waima mbali iti?

Nambewe
Tadala wanenadi zomveka. Mayi wa mikanda uja nayenso ndi gogo wa winawake. Mwina ndicho chikundipweteka kwambiri, kuti wojambulayo anali naye maso ndi maso koma sanavutike n'kumufunsa dzina.

Che Mussa Telala
Ndiloleni ndilowepo monga munthu wa makina osokera. Ine ndikapatsidwa chithunzi chakale sindithamangira kunkhope, ndimayang'ana msoko, mapewa ndi mpendero. Jekete yobwereka imadziwika, manja amapitirira zala kapena mapewa amagwa. Diresi yosokedwa pamanja imadziwikanso. Mayi Nambewe, mukachiyang'anitsitsa cha agogo anucho mudzaona ngati diresiyo inasokedwera thupi lawo kapena ayi.

Koma chimene ndikufuna kutsutsa ndi mawu a mdzukulu wanu akuti "avala chizungu". Chovala chimasanduka cha anthu amene akuchivala. Tengani nsalu ya chitenje imene lero dziko lonse likaiona limati ndi ya Africa. Luso lojambula maluwa pansalu pogwiritsa ntchito phula linachokera ku Java, m'dziko la Indonesia. Adatchi ndiwo anayamba kuzipanga pamakina, ndipo fakitale ya Vlisco ya mumzinda wa Helmond ku Netherlands inayamba mu 1846. Nsaluzo zinapeza msika kumadzulo kwa Africa, amayi a m'misika n'kumasankha maluwa amene akuwafuna, kuwapatsa mayina, kukana amene sanawakonde. Lero ndani angaime n'kunena kuti chitenje si chathu?

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha Aherero a ku Namibia. Amayi awo amavala madiresi aatali ofufuma, a masiketi ambirimbiri m'kati, amene anatengera kwa akazi a amishonale a ku Germany. Ajeremani omwewo ndi amene anapulula mtundu wawo pakati pa 1904 ndi 1908. Koma amayiwo sanaitaye diresiyo, anaiwonjezera duku lomangidwa ngati nyanga za ng'ombe, pakuti ng'ombe ndiye chuma ndi ulemu wawo. Chaka ndi chaka kumapeto kwa Ogasiti amasonkhana ku Okahandja, kumene mfumu yawo Samuel Maharero anaikidwa m'manda pa 26 Ogasiti 1923 atamwalira ali kothawira nkhondo ku Bechuanaland, dziko limene lero ndi Botswana. Amayi amavala zofiira ndi zakuda, abambo amaguba atavala mayunifolomu onga a asilikali. Munthu wosadziwa angati akutsanzira adani awo. Eni ake amati akulira makolo awo. Ine monga telala ndimati diresi imeneyo ndi ya Chiherero kuyambira pakolala mpaka pampendero.

Tadala
Che Mussa, za Aherero sindinkazidziwa. Ndaona zithunzi zawo kambirimbiri koma ndinkangoti ndi fasho.

Bambo Phiri
Popeza Che Mussa atsegula nkhani ya zovala ndi chikumbutso, tiyeni tione zithunzi zimene mayiko amapachika pa masiku a ufulu. Pafupifupi chilichonse, chovala chimene chili pamenepo chinasankhidwa mwadala.

Usiku umene Ghana inalandira ufulu, pa 6 Malichi 1957, Kwame Nkrumah ndi anzake anaima pansanja pa bwalo la Old Polo Ground ku Accra atavala malaya otakasuka a mizeremizere otchedwa fugu. Malaya amenewo ndi a anthu a kumpoto kwa dzikolo, pomwe Nkrumah anali wa kum'mwera chakumadzulo, ku Nkroful. Sanavale za kwawo, anavala za anthu amene boma la atsamunda linkawaona ngati ongopereka aganyu. Gandhi anali loya wophunzira ku London, wa suti ndi taye. Mu Seputembala 1921 ali ku Madurai anasankha kumavala kansalu ka m'chiuno kokha, ka thonje lopota pamanja, chifukwa ndi zimene osauka a ku India akanakwanitsa, komanso pofuna kunyanyala nsalu za m'mafakitale a ku Britain. Chithunzi chotchuka chija ali pambali pa chipangizo chopotera ulusi anachijambula ndi Margaret Bourke-White mu 1946.

Ndiye pali cha Nelson Mandela, chija wavala mikanda m'khosi, phewa limodzi lili pamtunda. Anachijambula ndi Eli Weinberg pa nthawi imene Mandela ankabisala apolisi, ndipo nsalu imene wafundayo ndi yoyala pabedi. Atamugwira, mu Okutobala 1962 analowa m'khoti ku Pretoria atavala chikopa cha nyama m'malo mwa suti, kuti woweruza aone kuti akuweruza Mwafrika m'khoti la azungu. Kodi tinene kuti chithunzi cha nsalu ya pabedi chija n'chabodza? Ine ndikuti ayi. Kusiyana kwake ndi cha Curtis n'kwakuti apa mwini thupi ndi amene anasankha.

Gogo Nagama
A Phiri, mwazungulira dziko lonse koma mwasiya chipewa.

Bambo Phiri
Agogo, ndinakusiyirani dala, fotokozani ndinu.

Gogo Nagama
Ana inu, pali chithunzi cha mu 1914 cha John Chilembwe ataima ndi mmishonale wachizungu John Chorley pa tchalitchi chatsopano cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Chilembwe wavala suti, ndipo chipewa chili kumutu. Masiku amenewo munthu wakuda akakumana ndi mzungu ankayenera kuvula chipewa, akachedwa ankamva mawu akuti "chotsa chipewa!" ndipo ena ankamenyedwa kumene. Ndiye chipewa chimene chili pamutu pa Chilembwe pambali pa mzungu si chokongoletsa ayi. Pasanathe nthawi yaitali, pa 23 Januwale 1915, kuukira kunayamba, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe anamupha. Tchalitchi chija asilikali a boma anachigwetsa. Chithunzicho chinatsala.

Mu 2022 katswiri wa zaluso wa ku Malawi Samson Kambalu anaumba chiboliboli kuchokera pa chithunzi chomwecho, n'kuchiimika pa Trafalgar Square mumzinda wa London. Chilembwe anamuumba wamkulu kuposa msinkhu wa munthu, Chorley anamusiya pa msinkhu wake, onse awiri zipewa zili kumutu. Ndiye mwana akandiuza kuti suti ndi chipewa si za makolo athu, ine ndimamufunsa kuti nanga munthu amene timam'kumbukira pa 15 Januwale uja anavala chiyani? Palinso chithunzi china cha Chilembwe ali ndi mkazi wake Ida ndi mwana wawo. Mayi Ida avala diresi yaitali, yofika m'khosi. Nambewe mwana wanga, agogo ako ali m'gulu limenelo. Kuima mowongoka pamaso pa kamera utavala bwino, pa nthawi imene ena ankakuona ngati wantchito chabe, sinali nkhani yamasewera.

Nambewe
Zikomo agogo. Ndawerenga kawiri.

Wongani
Pepani ndilowetsepo nkhani ina pang'ono. Ine ndimakonda kuika mitundu pa zithunzi zakuda ndi zoyera pogwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta. Ndaona kuti achinyamata anzanga sachedwa pa chithunzi chakuda ndi choyera, amangodutsa. Koma chikakhala ndi mitundu amaima, amafunsa mafunso. Mayi Nambewe, mutanditumizira cha agogo anucho ndikhoza kuchikonza, mwina mdzukulu wanu angachione ndi maso ena.

Che Mussa Telala
Achimwene, diresiyo muipatsa mtundu wanji?

Wongani
Pulogalamuyo imasankha yokha molingana ndi kuwala kwa chithunzi.

Che Mussa Telala
Vuto lili pomwepo. Imangolota. Chofiira chodera ndi chobiriwira chodera zikhoza kuoneka chimodzimodzi pa chithunzi chakuda ndi choyera. Tangoganizani mutatenga amayi Achiherero aja, pulogalamu n'kuwaveka zabuluu. Mwafufuta tanthauzo lonse la tsikulo. Pa mikanda ndiye zimanyanya, chifukwa kwa mitundu ina ya anthu mtundu wa mkanda umanena ngati munthu ali pabanja, ali pamaliro kapena ndi wa kubanja lachifumu.

Bambo Phiri
Wongani, ntchito yakoyo ndi yabwino malinga ulembe poyera kuti mitunduyo ndi yongoyerekeza, ndipo choyambiriracho uchiike pambali pake. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti chokongoletsedwacho chimayenda kwambiri pa WhatsApp mpaka choyambiriracho chimaiwalika.

Ukafuna kuona mitundu yeniyeni ya zaka zoposa 100 zapitazo, fufuza zithunzi za Sergey Prokudin-Gorsky. Anayendayenda mu ufumu wa Russia pakati pa 1909 ndi 1915, mfumu Nicholas II itam'patsa bogi ya sitima yoti azitsukiramo zithunzi. Chinthu chimodzi ankachijambula katatu motsatizana, kudzera pagalasi lofiira, lobiriwira ndi labuluu, ndipo zitatuzo zikaphatikizidwa mitundu imatuluka mmene inalili. Muli alimi, ogwira ntchito pa njanji, asungwana a kumudzi, komanso mfumu ya ku Bukhara mu 1911 itavala mkanjo wabuluu wowala zedi. Laibulale ya Congress ku America inagula magalasi akewo mu 1948. Munthu akasuntha pakati pa kujambula kutatuko, m'mbali mwake mumaoneka timizere ta mitundu, ndiye umadziwa kuti mwana uyu analephera kukhazikika. Timizere timeneto ine ndimatikonda kuposa chithunzi chosalala cha pakompyuta.

Wongani
Ndamva bambo. Ndiyamba kulemba pansi pa chilichonse. Koma kusiya sindisiya, chifukwa ndaona ndi maso anga mwana akufunsa za agogo ake koyamba chifukwa cha mitundu imeneyo.

Tadala
Ine ndibwerere kwa agogo a Mayi Nambewe. Ngati tikukayikira mlendo amene anavula anthu nsapato kuti aoneke akale, tisaiwale kuti situdiyo nayo inkaveka anthu. Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali, anatsegula situdiyo yake mu 1948. Ankasunga masuti, mawotchi, zolembera, wailesi, njinga yamoto, ngakhale galimoto, kuti wobwera kudzajambulitsa asankhe chimene akufuna kuoneka nacho. Ndiye mnyamata amene watsamira wailesi pa chithunzi cha Keïta mwina kunyumba kwake kunalibe wailesi. Kodi pamenepo tikuona moyo wa tsiku ndi tsiku, kapena maloto a munthu?

Gogo Nagama
Maloto akenso ndi mbiri, mwanawe. Ukadziwa chimene munthu ankalakalaka, wamudziwa kuposa amene wangoona chimene anali nacho.

Bambo Phiri
Ndipo Keïta yemweyo zinamuonekera zimene zinaonekera mayi wa mikanda uja. Zithunzi zake zitaonetsedwa ku New York mu 1991, pansi pake analemba kuti wojambula ndi wosadziwika, chonsecho mwini wake ali moyo ku Bamako, mafilimu ake atawasunga bwinobwino. Anachita kukamufufuza pambuyo pake.

Ku South Africa, Santu Mofokeng anayenda m'makomo a anthu akuda kusonkhanitsa zithunzi za mabanja za pakati pa 1890 ndi 1950, zimene eni ake anakajambulitsa okha. Anapeza anthu a masuti, makolala ouma ndi madiresi aatali, zithunzi zimene nyumba zosungiramo zinthu zakale sizinkazifuna chifukwa sizinkafanana ndi "Mwafrika" amene iwo ankamufuna. Ankafufuzanso mayina ndi mbiri ya aliyense. Cha agogo anu, Mayi Nambewe, chikanalowa m'gulu limenelo popanda funso.

Koma Tadala akunena zoona pa mfundo imodzi, ndipo ndi imene imandivutitsa. Moyo weniweni wa tsiku ndi tsiku sunkajambulidwa kawirikawiri. Filimu inali yodula, palibe ankaiwonongera pa munthu amene akuchapa kapena kusenza nkhuni. Ukaufuna moyo umenewo uyang'ane m'mphepete mwa chithunzi: mwana amene wasuzumira kuseri kwa chitseko, zovala zoyanikidwa pachingwe kumbuyo, mapazi a munthu amene wadulidwa theka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wojambula sankasamala za m'mphepetezo, n'chifukwa chake sanazikonze.

Mai a Chisomo
Ndakhala ndikungowerenga, koma pa nkhani ya chikumbutso ndili ndi mawu. Zithunzi zimene timapachika pa masiku a dziko zimakhala za atsogoleri, pansanja, pambali pa mbendera. Khamu limene laima kutsogolo kwawo limangooneka mitu. Koma ndi anthu amenewo amene anayenda mitunda wapansi, kumangidwa, kuikidwa m'manda opanda chizindikiro. Ngakhale chithunzi chikakhala cha munthu wamba, timachisandutsa chizindikiro n'kuiwala munthuyo. Aliyense amachidziwa cha pa 16 Juni 1976 ku Soweto, chimene Sam Nzima anajambula: mwana wasukulu Hector Pieterson atawomberedwa, mlongo wake Antoinette akuthamanga pambali atavala yunifolomu ya sukulu. Koma ndi angati amadziwa dzina la mnyamata amene wamunyamulayo? Ndi Mbuyisa Makhubo. Apolisi atayamba kumusaka anathawa m'dzikomo, ndipo abale ake sanamuonenso. Nzima naye anasiya ntchito ya utolankhani chifukwa cha chithunzi chomwecho. Tsikulo lero ndi holide ya achinyamata ku South Africa, chithunzicho chili paliponse, koma banja lina linatsala ndi funso lopanda yankho.

N'chifukwa chake ine ndikanakhala mphunzitsi wa mdzukulu wanu, ndikanati mwana aliyense abweretse chithunzi cha munthu amene angathe kumutchula dzina, kaya wavala chiyani.

Nambewe
Abale anga, dzulo madzulo ndinaimbira foni azakhali anga, mwana wotsiriza wa agogowo, amene tsopano maso awo saona bwino koma mutu uli gwa. Nditangotchula chithunzicho anayamba kufotokoza ngati zachitika dzulo. Nsapato zija si zawo, anabwerekedwa ndi wojambulayo, ndipo zinkawathina moti anazivula asanatuluke pakhomo. Che Mussa, diresi ija anasoka okha pamanja, usiku, kwa milungu ingapo. Duku linali la mayi awo, amene anali atamwalira chaka chomwecho, ndipo analivala dala kuti nawonso akhale nawo pachithunzipo. Kachikwama kaja munali kalata yochokera kwa amuna awo, amene anali kutali kukagwira ntchito, ndipo chithunzicho ankajambulitsa kuti awatumizire. Chinapita, chinakhala kumeneko zaka, n'kubwerera m'thumba la jekete la agogo aamuna. N'chifukwa chake chili ndi mzere wopindika pakati.

Zaka zonsezi ndakhala nacho chithunzichi osadziwa chilichonse mwa zimenezi. Mdzukulu wanga anamvetsera nawo pafoni. Wati atenga zonse ziwiri, cha agogo ndi cha mayi wa mikanda, ndipo pansi pa chachiwiricho alemba kuti dzina lake silinalembedwe ndi amene anamujambula.

Che Mussa Telala
Ndinadziwa kuti diresiyo ili ndi nkhani. Mukachisikana munditumizire, ndione msoko wa gogo ameneyo.

Gogo Nagama
Nambewe, zonse zimene azakhali ako anenazo uzilembe lero lomwe, usadikire mawa. Ubwererenso kwa iwo ndi zithunzi zina zonse zimene zili m'sutikesimo, uziwafotokozera chimene chili pachithunzi, iwo azikuuza mayina.

Nambewe
Ndayamba kale agogo. Koma ndithandizeni, ndilembe kumbuyo kwa chithunzi chenichenicho? Ndiponso mwana akufuna kuti tikachimate pulasitiki kuti chisawonongeke kusukulu.

Bambo Phiri
Pulasitiki yomata ndi moto ija ayi, chonde. Kutentha ndi guluu zimawononga chithunzi, ndipo chikamatidwa sichimatukanso. Kusukulu kupite kope, chenichenicho chisachoke m'nyumba. Chisikaneni pa 600 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi umene mumasankha pa makina osikanira), kutsogolo ndi kumbuyo komwe, chifukwa nthawi zina kumbuyo kumakhala chidindo cha situdiyo chimene chingakuuzeni malo ndi zaka. Polemba gwiritsani ntchito pensulo yofewa, m'mphepete, osadinikiza. Bolopeni imaboola ndipo inki yake imalowerera mpaka kunkhope. Nkhani yaitaliyo ilembeni pa pepala lapadera. Mzere wopindikawo musauwongole ndi simbi kapena kuumata selotepi. Chisungeni chogona, mu envulopu ya pepala, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi, ndipo sutikesiyo isakhale pansi pomwe chiswe chingafike.

Wongani
Mayi Nambewe, muwafunsenso azakhaliwo kuti diresiyo inali ya mtundu wanji, ndi duku lomwe. Akakumbukira, ndidzaika mitundu imene iwo anena. Akapanda kukumbukira, ndichisiya mmene chilili.

Nambewe
Ndiwaimbira Loweruka. Duku ndamva kale, akuti linali lobiriwira.